MBIRI YA BASI YA KU KABULA NDI ENI ACE

Mwezi uno tifuna kukamba za cinthu cimene akulu a kuno kwa Nchema anacidziwa bwino, koma ana obadwa masiku ano angocimva m'nkhani za madzulo. Cinthuco ndico basi yaikulu ya kampani, imene inali kuyenda pa ola lace loikika m'miseu ya Kabula ndi Limbe, nituluka kufikira m'midzi ya Chiradzulu ndi m'maboma ena onse a dziko lino. Kampaniyo inakhala zaka ngati 60, inachedwa maina anai, nipita m'manja mwa eni osiyana-siyana kufikira inatha.

Ambiri afunsa kuti: Nanga bwanji basi yakale inali kufika kumudzi pa nthawi yodziwika, ngakhale okwera anali owerengeka, pamene galimoto za lero sizinyamuka zisanadzaze? Ena ayankha kuti injini zakale zinali zolimba, ena ati anthu akale anali a mwambo. Koma yankho leni-leni liri m'pangano limene eni basi anapangana ndi Boma, ndipo tikamvetsa panganolo tidzamvetsanso cimene tinapindula ndi cimene tinataya pamene linatha.

BASI ISANADZE

Makolo athu anali kuyenda pansi. Pamene Azungu a Mishoni anamanga Blantyre m'caka ca 1876, ndi a kampani ya Mandala anayamba malonda ao m'caka ca 1878, katundu yense anali kuyenda pamitu pa anthu. Anthuwo anali kuchedwa amtengatenga, ndipo mtolo wa munthu mmodzi unali wolemera mapaundi 50 kapena 60. Mzungu mwini anali kugona m'macila, anthu namnyamula mosinthana, alikuimba kuti mapazi agwirizane. Amuna ambiri a m'midzi yozungulira phiri la Chiradzulu anasenza mitolo yotere kuti apeze ndalama ya msonkho, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ambiri anagwidwa mtengatenga wa nkhondo, ena osabwerako.

Njanji inafika ku Blantyre m'caka ca 1908, ndipo Limbe anakula cifukwa ca sitima ndi fodya. Koma sitima iyenda m'njira yace imodzi yokha, siipatukira kumudzi kwa munthu. Pambuyo pace panadza njinga, ndi malole a Amwenye a masitolo, amene anali kutenga anthu pamwamba pa matumba. Lole inalibe ola. Munthu anali kukhala m'mbali mwa mseu kuyambira m'mawa, osadziwa ngati idza lero kapena mawa. Cotero wodwala anali kupita ku cipatala pa macila a nsungwi, ndipo mai wofuna kugulitsa ndiwo ku Limbe anali kulawira tambala woyamba, dengu liri pamutu.

KAMPANI YOYAMBA NDI PANGANO LACE

Itatha nkhondo yaciwiri m'caka ca 1945, asilikari ambiri anabwera kwao atadziwa kuyendetsa galimoto ndi kukonza injini, ndipo anthu opita ku nchito m'tauni anaculuka. M'caka ca 1947 inayamba kampani yochedwa Nyasaland Transport Company. Eni ace anali Azungu, ndipo patapita zaka pang'ono inalowa m'banja la kampani yaikulu ya United Transport, ya ku Chepstow m'dziko la Britain, imene inali ndi mabasi enanso ku Nairobi, ku Mombasa, ku Kampala, ku Dar es Salaam, ku Bulawayo ndi ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare.

Pangano la kampani ndi Boma tingalifupikitse motere. Boma linapatsa kampani iyi yokha ufulu wa kunyamula anthu m'miseu yaikulu ndi m'tauni, kuti wina asalimbane nayo. Kampani nayo inayenera kuyenda m'miseu yovomerezedwa, ya phindu ndi yopanda phindu yomwe, kusunga ola lolembedwa, ndi kulipiritsa mtengo umene Boma lavomereza, osauonjeza mwa iyo yokha.

Kuti timvetse nzeru ya panganoli, tiyeni tikumbuke nkhokwe ya banja. M'banja muli mnyamata wamphamvu wolima munda waukulu, mulinso nkhalamba yolima pang'ono, koma onse adya nsima ya m'nkhokwe imodzi. Mseu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe, wa mailosi 5 okha, unali ngati mnyamata uja: basi idzaza popita, idzaza pobwera, kuyambira m'mawa kufikira usiku, ndipo mseu wace ngwa tala, wosaononga matayala. Mseu wa kumudzi unali ngati nkhalamba ija: wautali, wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja, wothyola zitsulo, ndipo okwera ace ndi ocepa. Ndalama yotsala pa mseu wa m'tauni ndiyo inali kulipira mafuta a basi ya kumudzi. Kalaliki wa ku Ndirande, polipira tikiti yace m'mawa, anali kuthandiza mai wa kwa Nchema kufika ku msika, ngakhale awiriwo sanali kudziwana.

Popeza ndalama zonse zinali kulowa m'thumba limodzi, kampani inazisamala ndi malamulo olimba. Wokwera ali yense anali kulandira tikiti kwa kondakitala, ndipo panjira anali kukwera insipekitala wodzaona matikiti, kuti wina asabe ulendo ndiponso kondakitala asabise ndalama. Dalaivala anali kulandira malipiro ace pa mwezi, basi yadzaza kapena yosadzaza, cotero panalibe comuthamangitsa kuti akalande okwera a mnzace.

MASIKU A UTM

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, dzina la Nyasaland linacoka pa mabasi, ndipo kampani inachedwa United Transport Malawi, anthu naifupikitsa kuti UTM. Maiko oyandikana nafe anatsata njira yina: Boma la Zambia linatenga mabasi kukhala ace, nilicha kampaniyo United Bus Company of Zambia, ndipo Boma la Tanzania linacita cimodzi-modzi ndi mabasi a ku Dar es Salaam. Kuno gawo lalikulu linatsala m'manja mwa eni a ku Britain, ndipo gawo lina linadzakhala la ADMARC, bungwe la Boma logula mbeu, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1971.

Apa pali cinthu coyenera kucisinkha-sinkha. Cuma ca ADMARC cinali kucokera kuti? Cinali kucokera kwa alimi a m'midzi, pakuti bungwelo linali kugula thonje, fodya, mtedza ndi mbeu zina pa mtengo wotsika, ndi kugulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lace linali kuikidwa m'makampani ndi m'minda yaikulu. Cotero tinganene kuti thukuta la mlimi linali m'basi imene iye anali kukwera. Anali mwini wace pang'ono, koma mwini wopanda mau, wosaitanidwa pa bwalo pamene anali kupangana za mtengo wa tikiti kapena za mseu woti basi idzere.

M'tauni nchito ya kampani inakula pamodzi ndi tauniyo. Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa m'caka ca 1956, nakhala mzinda m'caka ca 1966, ndipo anthu a nchito anaculuka ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Soche ndi ku Bangwe. Mabasi anali kuwatenga m'mawa kupita nao ku mafakitale a ku Makata, ku masitolo ndi ku maofesi, ndiponso ku cipatala cacikulu ca Queen Elizabeth, cotsegulidwa m'caka ca 1958, cimene ambiri acicha Gulupu. Mabasi a maulendo atali anali kunyamukira pa Wenela, malo amene anatenga dzina lao kwa kampani yolemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Ife a ku Chiradzulu tinali ndi mwai, pakuti mseu wa Limbe ndi Zomba upita pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi, ndipo popeza Zomba anali likulu la Boma kufikira caka ca 1975, mabasi anali kudutsa kawiri-kawiri.

Koma imene akulu aikumbuka koposa ndiyo basi yogona kumudzi. Inali kufika madzulo kumapeto kwa mseu wace, dalaivala ndi kondakitala nagona komweko, ndipo m'mbandakuca inali kuliza lipenga lace kuti apaulendo adzuke. Pamwamba pace anali kumangapo matumba a nandolo, madengu a matimati ndi kabici, njinga, nkhuku, ndi malata a munthu womanga nyumba. Popeza ola lace linali lodziwika, anthu anali kukonzeratu zinthu zao. Mai wapakati anali kudziwa tsiku lopita ku sikelo, mwana wa sukulu yogonera komweko anali kudziwa tsiku lobwera kwao, ndipo wamalonda anali kuthyola matimati madzulo, podziwa kuti m'mawa afika nao ku Limbe asanaphwanyike. Ola lodziwika ndi cuma, ngakhale siligwirika ndi manja.

Komabe tisanamizane kuti zonse zinali zokoma. Kampani yopanda mnzace wolimbana nayo sifulumira kumva madandaulo. Mabasi anali ocepa, anthu ali ambiri. Mizere ya pa siteji inali yaitali, ndipo basi yodzaza inali kupitirira anthu alikubaibitsa. Mvula ikakula, miseu yina inali kusiyidwa kufikira cilimwe. Wotsalira basi ya m'mawa anali kudikira ya mawa lace, pakuti panalibe yina yololedwa. Ndiponso zonse zofunika pa basi, mafuta, matayala ndi zitsulo, zinali zocokera kunja. Pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za 1983 ndi 1984, katundu anayamba kuzungulira njira zazitali, mtengo wace nukwera, ndipo mabasi okalamba anali kucedwa kulowedwa m'malo.

MLENDO WA KU SCOTLAND

M'caka ca 1989 eni a ku Britain, amene pa nthawiyo anali kampani ya BET, anagulitsa gawo lao, ndilo magawo 51 mwa 100, kwa kampani ya Stagecoach ya ku Perth m'dziko la Scotland. Kampani imeneyi anaiyamba m'caka ca 1980 anthu awiri a mimba imodzi, Brian Souter ndi mlongo wace Ann Gloag, ana a dalaivala wa basi, ndipo Malawi ndilo dziko loyamba kumene anagula mabasi kunja kwa kwao. Dzina lacitatu linakhala Stagecoach Malawi.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo m'zaka zoyamba mauwo anaoneka oona. Mabasi anapakidwa utoto woyera ndi mizere itatu, wofiira, wa lalanje ndi wa buluu. M'miseu ya Kabula munaoneka mabasi osanjikiza, okhala ndi mipando pansi ndi pamwamba, amene anali atagwira kale nchito ku Hong Kong, nadza kuno pa sitima ya pamadzi. Ana a kumudzi opita ku tauni anali kulirira kukwera pamwamba, kuti aone madenga a masitolo ndi phiri la Ndirande. Koma nzeru yace sinali ya kukondweretsa ana: dalaivala mmodzi ndi injini imodzi anali kunyamula anthu oculuka pa ulendo umodzi, ndipo pa mseu wodzaza ngati wa Blantyre ndi Limbe phindu ligona pamenepo. Ya m'miseu ya kumudzi kampani inagula mabasi olimba a mtundu wa ERF, ndipo matupi a ambiri a iwo anamangidwa ku Blantyre konkuno ndi kampani ya PEW, amisiri athu napezapo nchito.

M'masiku amenewo nchito ya mabasi inali yogawidwa, gawo liri lonse ndi dzina lace. Cityline inali ya m'tauni, yoima pa siteji iri yonse. Coachline inali ya mtengo wapatali, yoyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe osaima-ima panjira, ya mipando yofewa ndi cakudya comwe. Expressline inali yoima m'malo akulu okha. Ndipo pansi pa onsewa panali basi wamba ya kumudzi, yoima pali ponse pamene pali munthu ndi mtolo wace. Munthu anali kusankha molingana ndi thumba lace, koma onse anali kudyabe m'nkhokwe imodzi ija.

Pali cinanso coyenera kucikumbuka. Mai Ann Gloag asanayambe za mabasi anali namwino wosamala anthu opsa ndi moto, ndipo ataona mabvuto a anthu otere kuno, anathandiza kumanga cipinda cao ca padera pa cipatala ca Queen Elizabeth. Tonse tidziwa m'mene ana agwera pa moto m'miyezi yozizira, ndi m'mene odwala khunyu apsera. Mabasi a mizere itatu anatha, koma anthu opsa alikuthandizidwabe pa Gulupu.

PANGANO LITHA

M'caka ca 1993 anthu a dziko lino anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo m'caka ca 1994 Boma linasintha. M'zaka zomwezo maiko ndi mabanki otibwereka ndalama anali kulimbikitsa kuti malonda onse amasulidwe, Boma lileke kuikira mitengo ndi kuchingira kampani imodzi. Cotero mseu unatseguka kwa munthu ali yense wotha kugula galimoto ndi kutenga ciphaso. Ambiri anakondwera, ndipo anali ndi cifukwa cokondwerera, pakuti anali atatopa ndi mizere ya pa siteji. Opuma pa nchito ndi amalonda anagula maminibasi ogwira kale nchito ku Japan, makamaka a Toyota Hiace, ndipo m'zaka zocepa anadzaza Limbe ndi Blantyre.

Koma walira mvula walira matope. Mwini minibasi imodzi alibe nkhokwe ya banja. Ali ndi galimoto yace yokha, imene iyenera kudzilipirira tsiku ndi tsiku. Cifukwa cace anathamangira ku miseu ya phindu, ya Ndirande, ya Bangwe, ya Limbe, ya Zomba, nayamba kutola okwera patsogolo pa basi yaikulu, imene inali yomangika ndi ola lace. Basi ikafika pa siteji inali kupeza anthu atapita. Mnyamata wamphamvu uja anacotsedwa m'banja, nkhalamba nitsala yokha ndi nkhokwe yopanda kanthu. M'caka comweco ca 1994 Kwacha inalekedwa kuti mtengo wace udziyendera wokha, ndipo mphamvu yace inatsika kwambiri. Kampani inali kulandira Kwacha kwa okwera, koma matayala ndi zitsulo inali kugula ndi ndalama zakunja, ndipo eni ace a ku Scotland anali kuwerenga phindu lao m'mapaundi.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. M'caka ca 1997 Stagecoach inagulitsa gawo lace kwa ADMARC nicoka, ndipo caka cotsatira inacokanso ku Kenya, kumene inapeza bvuto lomweli. Sitiyenera kudabwa nazo. Mwini wa kutali adza cifukwa ca phindu, ndipo phindu likatha alibe manda a makolo omuletsa kupita.

SHIRE BUS LINES NDI ZOTSATA PAMBUYO

Dzina lacinai linakhala Shire Bus Lines, ndipo kwa nthawi yoyamba kampani yonse inali m'manja mwa Amalawi. Koma inafika m'manjamo itadwala kale, ndipo mwini wace watsopano nayenso sanali bwino, pakuti kuyambira m'caka ca 1987 amalonda ena analoledwa kugula mbeu kwa alimi, ndipo cuma ca ADMARC sicinali monga kale. Ndalama zogulira mabasi atsopano okwanira panalibe. Basi ikafa, amisiri anali kucotsa zitsulo zace kuti akonzere inzace, kotero kuti ciwerengero cinali kucepa caka ndi caka. Miseu ya kumudzi inayamba kusiyidwa umodzi-umodzi, mabasi a m'tauni nacepa, ndipo kampani inakangamira pa maulendo atali. Patatha zaka ngati 10 inatsekedwa, anchito ace nacotsedwa, ena atakalambira pa nchitoyo.

Zotsala zace zinapita kwa kampani ya Amalawi ya Mulli Brothers, imene inayambitsa National Bus Company. Makampani enanso, monga AXA, anaika mabasi abwino pa maulendo a pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pakuti pamenepo phindu liripo. Koma basi ya m'tauni yoyendera ola, ndi basi yogona kumudzi, sizinabwerenso monga kale.

Wina anganene kuti colakwa cinali ca Azungu ocoka, wina kuti cinali ca Boma losadziwa malonda. Koma taonani ku Zambia: kampani yao ya mabasi inali ya Boma kwa zaka zoposa 20, ndipo inatsekedwa m'caka ca 1995. Ya ku Nairobi inali ya anthu a malonda, ndipo nayonso inafooka pamaso pa maminibasi a kumeneko. Eni ace anali osiyana, matenda ace amodzi. Basi yaikulu yoyendera ola siingakhale moyo pamene miseu ya phindu iri ya ali yense, ndi miseu yopanda phindu iri yace yokha.

ZA MASIKU ANO

Lero munthu wa kwa Nchema wopita ku Limbe ayamba pansi kapena pa kabaza, wa njinga yopalasa kapena yamoto, kufikira pa mseu waukulu, ndipo pamenepo akwera minibasi, kapena matola ngati ali ndi katundu wambiri. Tinene zoona: pa mseu wa tala ulendo wa lero ngwofulumira kuposa wa kale, ndipo munthu sadikira tsiku lathunthu. Anyamata ambiri apeza cakudya pa udalaivala, pa ukondakitala, pa kuitanira ndi pa kabaza, ndipo galimotozi eni ace ndi anthu athu omwe.

Koma tidziwenso m'mene nchitoyi iyendera. Kawiri-kawiri mwini minibasi auza dalaivala ndalama yoti abwere nayo madzulo, ndipo dalaivala ndi kondakitala aona kanthu pokha-pokha ndalamayo ndi ya mafuta zitakwana. Ici ndico cifukwa cace galimoto siinyamuka isanadzaze, ithamanga kulanda okwera, ndipo pa mpando wa anthu atatu akhalapo anai, ngakhale lamulo liletsa. Mtengo nao ulibe pokhazikika: ukwera mvula ikagwa, ukwera dzuwa likalowa, ukwera mafuta akasowa. Pamene Kwacha inacepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 mwa 100 kumapeto kwa caka ca 2023, mitengo ya maulendo inakwera msanga. Ndipo wolipira koposa onse ndiye wokhala kutali ndi tala, amene kale anali kuthandizidwa ndi tikiti ya wa m'tauni, koma lero alipira kabaza ndi minibasi yomwe, dengu lace nalo liri ndi mtengo wace.

Mizinda yina yayamba kubwerera ku nzeru yakale m'njira yatsopano. Ku Dar es Salaam m'caka ca 2016 anayamba mabasi akulu oyenda m'njira yao-yao pakati pa mseu, m'mene galimoto zina siziloledwa kulowa. Kumeneko ndiko kunena kuti Boma lapatsanso basi yaikulu mseu wa phindu, ndi kuifunsa dongosolo posinthana nao. Ndilo pangano lomwe lija, labvala malaya ena.

ZOTI TITOLEPO

Coyamba, pamene aphungu ndi makhansala adza kudzapempha mavoti, tiwafunse za mseu ndi za mlatho, pakuti galimoto itsata mseu wabwino monga madzi atsata khwawa. Ndipo tikamva kuti kampani yina ipatsidwa mseu wa phindu kapena malo okwerera mabasi, tifunse kuti yalonjeza ciani kwa anthu a kumudzi posinthana nazo.

Caciwiri, mutu umodzi susenza denga. Alimi a ndiwo a mudzi umodzi akapangana ndi dalaivala mmodzi wokhulupirika za tsiku, ola ndi mtengo, adzipangira okha ola lodziwika limene kampani inapita nalo. Dalaivala adzasunga pangano ngati adziwa kuti katundu adzampeza wokwanira, ndipo alimi asamsiye cifukwa wina wacepetsa mtengo tsiku limodzi.

Cacitatu, banja liri lonse lisunge padera ndalama ya ulendo wa ku cipatala, makamaka pamene m'nyumba muli mai wapakati, mwana wamng'ono kapena nkhalamba. Matenda sadikira kuti nandolo agulidwe, ndipo kabaza wa usiku ngwa mtengo wapatali. Mai amene masiku ace ayandikira akadikire pafupi ndi cipatala, ku boma la Chiradzulu kapena ku Nguludi, osayembekeza kuti galimoto ipezeka pakati pa usiku.

Cacinai, tisakakamize kukwera galimoto yodzaza kale, ndipo tisakalipire dalaivala woyenda mosamala. Bwino kufika mocedwa kusiyana ndi kusafika konse. Wokwera njinga yamoto afunse cipewa coteteza mutu. Ndipo tilipire mtengo umene tapangana, osathawa nao, pakuti kondakitala nayenso ali ndi ana omuyembekeza madzulo.

Akulu amene munakwera UTM ndi Stagecoach, fotokozerani adzukulu anu nkhani iyi, osati kuti alire zakale, koma kuti adziwe kuti basi inafikapo kumudzi pa ola lace, ndi cifukwa cimene inafikira.

Mphunzitsi wa kwa Nchema, Chiradzulu.